Zitini za Edesi

Edesi atamusamutsira ku Nsanje
anandisiyira zitini zinayi ndi liwu limodzi:
"Uzithirira."
Lole inali ikuliza kale hutala kumsewu,
matiresi atapindidwa pamwamba pa mipando.
Munali mu Meyi. Dzuwa linkafikabe pazenera langa
cha m'ma teni koloko, ngati kalaliki wa boma.

Ine ndimasoka nsapato.
Ndimadziwa chikopa, ulusi ndi guluu.
Za maluwa ndinkangodziwa kuti amawagoneka pamanda.
Komabe ndinazindandalitsa kuseri kwa zitsulo zotchinga akuba:
tsabola wa kambuzi m'chitini cha penti,
mpungabwi m'chigubu chodula pakati,
alovera wonenepa m'kapu yothyoka chogwirira,
ndi china chopanda dzina, cha masamba ngati makutu a mbewa,
chimene Edesi anathyola pampanda wa chipatala
mlonda atayang'ana kumbali.

Juni anatsika m'phiri osaodira.
Chifunga chinameza nsonga, kenako mapaini,
kenako depoti yonse,
makondakitala n'kutsala mawu okhaokha opanda matupi,
Lilongwe, Lilongwe, mmodzi watsala!
Madzi a pampopi ankaluma zala.
M'mawa galasi linkachita thukuta lozizira,
ine n'kulembapo dzina, n'kufufuta ndi chigongono.

Mpungabwi ndiwo unayamba.
Unada bii ngati wawauka;
sindinkadziwa kuti chisanu nacho chimawotcha.
Tsabola anagwetsa masamba limodzilimodzi
ngati munthu wobweza ngongole ya katapila.
Alovera anangoti duu, osaonetsa mbali.
Chopanda dzina chija chinatsala kamtengo chabe,
kotuwa, kouma kunsonga.

Apo m'pamene ndinayamba misala.
Usiku kuzitsitsa pazenera,
kuzifunditsa nyuzipepala pansi pa bedi.
Madzi kuwasunga m'botolo m'thumba la jekete
mpaka afunde ndi thupi langa.
Tiyese, mwana wa alandilodi,
anandipeza ndikukafunsa kamtengoko ngati kadzuka bwanji.
"Ankolo," anatero, "chimenecho n'chotokosera m'mano."

Julayi yense mwera sunapume.
Chifuwa, maliro awiri ku Bembeke,
amayi a kachewere pamsika
atakulunga makutu m'mipango iwiriiwiri,
akuwerenga chenji osatulutsa manja m'chitenje.

Tsiku lenileni sindilidziwa.
Ndikudziwa kuti ndinaiwala chipewa kunyumba
n'kuchikumbukira masana.
Kuti mphepo inasintha ntchito:
inaleka kuluma, inayamba kuulutsa majumbo
ndi kuthira fumbi m'tiyi.
Kuti mtengo wa pichesi wa kuseri kwa garaja ya a Chinkombero,
umene chaka chonse amapachikamo matayala akutha,
unadzuka utavala pinki, wopanda tsamba ndi limodzi lomwe,
njuchi zili ng'waa pamwamba pa fungo la girisi.
Kuti usiku anyamata osaka mbewa
anajambula mzere wofiira m'mbali mwa phiri.

Ndiye Lachinayi lina, ndikuti nditaye dothi
kuti m'chitinimo ndizisungamo misomali,
ndinaona pa mfundo yachiwiri
kanthu kobiriwira,
kochepa kuposa mutu wa machesi.
Ndinakhala pansi.
Kasitomala anadikira pakhomo, nsapato imodzi ili m'manja,
mpaka anatsokomola.

Madzulo ndinamuimbira Edesi.
Kumbuyo kwake fani inkalira; akuti kumeneko kwayamba kale kuwotcha.
"Zitini ziti?" anafunsa.
Kenako anaseka. "Aa, zijazi? Ukanangotaya iwe."
Mayunitsi anatha tisanatsanzikane.

Tsabola sanaganizebe chochita.
Alovera wabereka kamwana m'mbali, osauza aliyense.
M'chigubu cha mpungabwi munalibe kanthu mpaka dzulo,
pamene Tiyese anabwera atafumbata njere ya pichesi ya chaka chatha,
yakuda ndi oyilo, yotola pansi pa matayala aja.
Tayikwirira ndi supuni.
A Chinkombero akuti mpaka zaka zitatu kapena zinayi,
ngati imere n'komwe.
Nyumba ino ndi ya lendi,
ndipo alandilodi ayamba kale kunena za Januwale.
Tathirira.